Sikirini yosadzitchula dzina: driver yakeyake, kapena zonse mu device tree?

Monita ya pa desiki imadzitchula yokha. Mukailumikiza pa HDMI, kompyuta imawerenga EDID, kachikalata ka ma byte 128 kosungidwa m'kati mwa monitayo, n'kudziwa kukula kwa chithunzi, liwiro lochitumizira, ngakhalenso kampani imene inaipanga. Sikirini ya galasi lokhalokha, ija mwagula kwa okonza mafoni mumsika wa Zomba atayichotsa mu tabuleti yakufa, kapena ija mwaidikira milungu kuchokera ku China, nthawi zambiri siyankhula. Muilumikize pa Raspberry Pi, pa Orange Pi kapena pa bolodi lililonse la ARM: nyali yakumbuyo iyaka, galasi lingoti mbee, basi. Pafunika munthu woti auze kernel, mtima wa Linux umene umayendetsa zipangizo, chimene chili kumapeto kwa mawayawo.

Aliyense wofika pamenepa amafunsa funso limodzi, kaya ndi wophunzira wa ku Chirunga amene pulojekiti ya chaka chomaliza yamukhalira pakhosi, kaya ndi mmisiri wa sola wa ku Jali amene akufuna kagalasi koonetsa mmene batire latsalira: bwanji osangokhala ndi driver (kachigawo ka kernel koyendetsa chipangizo) imodzi ya masikirini onse, zosiyanazo n'kumazilemba mu device tree (fayilo youza kernel zipangizo zimene zili pa bolodi)? Pa mitundu ina zimenezi zinatheka kale ndipo zili mu Linux. Pa mitundu ina oyang'anira kernel akhala akukana kwa zaka zoposa 10, ndipo ine sindikuona kuti akukana chifukwa cha nkhanza. Driver imodzi imakwanira pokhapokha ngati pali muyezo umene masikirini onse a mtunduwo amautsatira kale. Pamene palibe muyezo, device tree imasanduka pulogalamu yobisala.

Zimene kernel iyenera kudziwa ndi zitatu. Pali timing: madontho angati pa mzere, mizere ingati, mipata yopanda chithunzi m'mbali zonse, ndi liwiro la clock. Pali ndondomeko ya magetsi: ati ayambe, padikiridwe ma millisecond angati, reset imasulidwe liti, nyali iyake liti. Ndiye pa masikirini okhala ndi IC (kachip koyendetsa galasi) yofuna kuuzidwa zochita, pali malamulo odzutsira IC imeneyo. Njira zonse zikusiyana pa funso loti zitatuzi zisungidwe kuti: mu C (chilankhulo cholembera driver), mu device tree, mu fayilo ya padera, kapena m'sikirini momwemo.

Device tree sinayambire pa ARM. Inachokera ku Open Firmware, muyezo wa IEEE 1275 wa 1994, umene unkagwira ntchito m'makompyuta a Sun ndi a Apple a PowerPC. Ku ARM inafika cha mu 2011, mafayilo a C ofotokoza bolodi lililonse atachuluka mpaka Linus Torvalds anadandaula poyera. Pali mfundo ziwiri zimene Rob Herring, Krzysztof Kozlowski ndi anzawo oyang'anira ma binding (malamulo a mmene chipangizo chilichonse chiyenera kulembedwera mu device tree) samagonjerapo. Device tree ifotokoze chipangizo mmene chilili, osati mmene Linux ichiyendetsere, popeza fayilo yomweyo imawerengedwanso ndi U-Boot (pulogalamu yodzutsa bolodi kernel isanayambe) ndi FreeBSD (OS ina yosakhala Linux). Komanso DTB (device tree yogayidwa kale) imene yatuluka ndi bolodi lero iyenera kugwirabe ndi kernel ya zaka zikubwerazi. Cholakwa cha mu driver chimakonzedwa mawa. Cholakwa cha mu binding mumayenda nacho mpaka kalekale.

Musanawerenge patsogolo, tembenuzani sikiriniyo mujambule nambala yolembedwa pa kapepala ka kumbuyo ndi pa kalamba kaja okonza mafoni amati flex. Nambala imeneyo ndiyo ikuuzeni ngati kalumikizidwe kake ndi ka SPI, RGB, LVDS, eDP kapena DSI, ndipo mtundu wake ndi umene ukutsekereni njira zambiri musanasankhe n'komwe.

Kuonjezera dzina mu panel-simple

Iyi ndi njira yakale mwa zonse za DRM, mbali ya kernel yoyendetsa masikirini. Driver ya panel-simple inalembedwa ndi Thierry Reding, inalowa mu Linux 3.14 m'chaka cha 2014, ndipo lero muli masikirini oposa 100. Iliyonse ili ndi kagawo kake mu C: timing, kukula kwake mu mamilimita, ma bit a mtundu uliwonse, mmene ma bitwo ayalidwira pa mawaya, ndi nthawi zodikira poyatsa ndi pozimitsa. Mu device tree mumangotsala zochepa:

compatible = "innolux,at070tn92";
power-supply = <&vcc_lcd>;
backlight = <&backlight>;

kuphatikizapo port yolozera ku controller, mbali ya chip ya pa bolodi yotumiza chithunzi. Ngati sikirini yanu ilimo kale, musavutike ndi zina. Fufuzani nambala yake ndi grep mu drivers/gpu/drm/panel musanalembe chilichonse. Masikirini ambiri a mainchesi 7 ndi 10 ogulitsidwa ndi mayina osiyanasiyana ndi galasi la Innolux, AUO kapena BOE lomwelo.

Ngati mulibe, kuonjezera ndi mizere pafupifupi 30 ya C. Mtengo wake ndi woti muyenera kumanga kernel kapena module, ndipo source ya kernel yokha imapitirira 100 MB musanaifutukule, zimene pa bandulo ya wophunzira si zamasewera. Malire ake ndi omveka: magetsi amodzi okha, ndi GPIO (pin yolamulidwa ndi pulogalamu) imodzi yoyatsira. Sikirini yofuna magetsi awiri otsatizana si ya kuno, ngakhale mutayesa kuikankhiramo.

panel-dpi ndi panel-lvds: timing mu device tree

Apa ndi pamene ofuna driver imodzi anapambana. Masikirini a RGB ndi a LVDS salandira malamulo. Mukawapatsa magetsi ndi clock yoyenera, amaonetsa chimene chabwera. Ndiye panel-lvds, yolembedwa ndi Laurent Pinchart mu 2017, ndi panel-dpi, imene inalowa mu panel-simple mu 2020, zimalola kuti mulembe timing yonse mu node ya panel-timing: clock-frequency, hactive, hfront-porch, hsync-len, hback-porch, ndi anzake a vactive. Simumanga kernel. Mumasintha fayilo, dtc (kapulogalamu kosandutsa fayiloyo kukhala DTB) n'kuigaya m'kamphindi, n'kuyatsanso bolodi.

Msampha uli m'manambala. Tengani AT070TN92 ija ya 800 ndi 480. Datasheet yake imati mzere wonse ndi ma clock 1056, mizere yonse ndi 525. Mukachulukitsa mupeza 554,400, ndipo kuti chithunzi chisinthe ka 60 pa sekondi pafunika 33,264,000, imene ndi 33.3 MHz yolembedwa m'bukumo. Pa mzere, kutsogolo kuli mpata wa 210, kumbuyo 46. Muonkhetse 800, 210 ndi 46: zakwana kale 1056. Ndiye kuti hsync, chizindikiro chakuti mzere watsopano ukuyamba, ili m'kati mwa 46 imeneyo, pomwe device tree imafuna kuti hsync-len ndi hback-porch zilembedwe padera. Mukasankha hsync ya 20, hback-porch ikhale 26. Makampani ena amawerengera motere, ena ayi, ndipo njira yodziwira ndi kuonkhetsa nokha mpaka zifanane ndi chiwerengero cha mzere wonse. Matabuleti akale a Allwinner A13 ndi A33 amasunga manambala omwewa mu script.bin, imene bin2fex imaitembenuza kukhala yowerengeka. Kumenekonso lcd_hbp imaphatikiza hsync. Ngati tabuleti yafa galasi lili bwino, musataye bolodi lake musanakopere fayilo imeneyi.

Pa LVDS pali data-mapping, ndipo mumasankha pakati pa jeida-18, jeida-24 ndi vesa-24. JEIDA imaika ma bit aakulu pa mizere ya mawaya itatu yoyamba, aang'ono pa wachinayi. VESA imaika ma bit awiri aakulu kwambiri pa mzere wachinayiwo. Mukasemphanitsa, chithunzi chimabwera ndithu, zilembo n'kumawerengeka, koma nkhope ya munthu imaoneka ngati yapakidwa utoto wosakanizika. Anthu ambiri amathamangira kukayikira mawaya pomwe vuto ndi liwu limodzi.

panel-dpi ili ndi chilema chimodzi: mu mainline (kernel yeniyeni ya Linux, yosasinthidwa ndi kampani) ilibe njira yonenera ngati mawaya ndi 16, 18 kapena 24, ndipo kernel imadandaula mu dmesg (mndandanda wa mauthenga ake) kuti bus_format palibe. Controller ina imangoganiza yokha, ina imasokonezeka. A Raspberry Pi anaonjezera zawo mu kernel yawo, moti overlay (kachidutswa koonjezera pa device tree) ya vc4-kms-dpi-generic imalandira timing ndi rgb565 kapena rgb888 kuchokera mu config.txt. Ndi yophweka zedi, koma werengani ma pin musanakondwe: RGB ya ma bit 24 imadya GPIO 0 mpaka 27, zonse 28. I2C, SPI ndi UART za pa header zimapita nazo. Pulojekiti yoyeza chinyezi cha m'munda kapena kuya kwa madzi a m'thanki imatsala ndi sikirini yokongola yopanda poika sensa.

Chinthu chimene sindingakusiyeni osanena ndi mzere wa compatible, umene kernel imapezera driver ya chipangizo. Ma binding onse awiri, a panel-dpi ndi panel-lvds, amafuna kuti muyambe ndi dzina lenileni, lachiwiri likhale la gulu:

compatible = "kampani,nambala-ya-sikirini", "panel-dpi";

Zili ngati mlendo akafika m'mudzi: amatchula dzina lake kenako chiwongo. Osamudziwa amamulandira monga Phiri kapena Mbewe, koma tsiku lofuna iyeyo amamuitana ndi dzina. Lero driver ya gulu ikugwira. Chaka chamawa mukazindikira kuti galasi limeneli limafuna kudikira pang'ono lisanayatsidwenso, driver yatsopano idzalipeza ndi dzina loyambalo, DTB ya m'zipangizo zimene zili kale kwa anthu osaikhudza. Amene analemba "panel-dpi" yokha alibe pogwira.

edp-panel: sikirini inene yokha

Masikirini a malaputopu atsopano ndi a eDP, ndipo awa ali ndi EDID. Mu Linux 5.16, imene inatuluka mu Januwale 2022, Douglas Anderson anachotsa masikirini a eDP mu panel-simple n'kuwapatsa driver yawo, pamodzi ndi compatible ya gulu ya "edp-panel". Chinamukakamiza ndi ma Chromebook: mtundu umodzi wa laputopu umatuluka ku fakitale ndi magalasi a makampani angapo, ndipo palibe amene akanalemba DTB ya galasi lililonse. Driver imayatsa sikirini, imawerenga EDID kudzera pa waya wa AUX, imatengamo timing, kenako imayang'ana nambala ya sikiriniyo pa tebulo la m'kati mwake kuti ipeze nthawi zodikira. Ikapanda kuipeza imachenjeza mu dmesg n'kusankha kudikira kwambiri, mpaka masekondi awiri pakati pa kuzimitsa ndi kuyatsanso.

Onani kuti ngakhale pano, pamene sikirini ikudzitchula yokha, ndondomeko ya magetsi yatsalabe mu C. EDID sinena zimenezo.

Kwa ife vuto lake ndi bolodi. Raspberry Pi ilibe eDP, ndiye pafunika chip yolumikiza ngati SN65DSI86 ya Texas Instruments, ndipo driver ya controller iyenera kudziwa aux-bus, zimene si onse amadziwa. Musaweruzenso mtundu powerenga ma pin: cholumikizira cha 30 ndi cha 40 chimapezeka pa LVDS ndi pa eDP pomwe, ndipo kusemphanitsa kungalowetse magetsi a nyali pa waya wa data.

Timasikirini ta SPI: panel-mipi-dbi-spi kapena fbtft

Tating'onoting'ono ta ILI9341, ST7789V ndi ST7735R ndi timene ambiri amayambira chifukwa n'totchipa ndipo mawaya ake sakwana 10. Maphunziro ambiri a pa intaneti adzakutumizani ku fbtft. Ma driver amenewa akhala mu staging (malo a ma driver osamalizika) kuyambira Linux 4.0 mu 2015 osatulukamo, amayankhula fbdev yokha (njira yakale ya DRM isanabwere), ndipo fbtft_device imene malangizo akalewo amadalira inachotsedwa mu 5.4. Chimodzimodzi machenjerero a fbcp okopera chithunzi cha HDMI: amadalira DispmanX, njira yakale ya zithunzi ya Raspberry Pi, ndipo pa Raspberry Pi OS Bookworm ya 2023 yoyenda ndi KMS ya DRM sagwira. Pa ntchito yatsopano, zisiyeni.

Noralf Trønnes, yemweyo amene analemba fbtft, ndi amene anabweretsa panel-mipi-dbi-spi mu Linux 5.18 mu 2022. Malamulo odzutsira sakhala mu device tree, sakhalanso mu C. Mumawalemba mu fayilo wamba:

command 0x11
delay 120
command 0x3A 0x55
command 0x21
command 0x29

Loyambalo likudzutsa IC ku tulo, kenako kudikira ma millisecond 120, kusankha ma bit 16 pa dontho, kutembenuza mitundu monga magalasi ambiri a IPS a ST7789 amafunira, n'kuyatsa chithunzi. Kapulogalamu ka mipi-dbi-cmd kamagaya fayiloyi kukhala .bin, imene mumaiika mu /lib/firmware ndi dzina lofanana ndi compatible yoyamba. Apanso dzina lenileni likufunika. Popanda ilo driver sidziwa fayilo yoti itsegule. Ngati driver ikuyamba root filesystem isanapezeke, ikani fayiloyo mu initramfs (mtolo wa mafayilo umene kernel imayamba nawo), apo ayi mudzaona galasi loyera ndi uthenga woti firmware yasowa.

Magalasi a 240 ndi 240 a ST7789 ali ndi IC ya memory ya 240 ndi 320, choncho mukatembenuza chithunzi chimasuntha ndi madontho 80. Binding iyi imagwiritsa ntchito hback-porch ndi vback-porch ngati malo olembera kusunthako. N'zachilendo pang'ono, koma zimagwira.

Werengeraninso liwiro. Chithunzi chimodzi cha 240 ndi 320 pa ma bit 16 ndi ma bit 1,228,800. Pa SPI ya 32 MHz simungapyole zithunzi 26 pa sekondi. ILI9488 ya 320 ndi 480, imene pa SPI imafuna ma byte atatu pa dontho, imatsika mpaka 8. Kuonetsa manambala a batire n'kokwanira. Vidiyo ya phunziro, iwalani.

N'chifukwa chiyani oyang'anira analola pano? Chifukwa ikadzuka, IC iliyonse ya mtunduwu imalandira chithunzi mofanana: 0x2A kusankha mizati, 0x2B kusankha mizere, 0x2C kulemba madontho. Muyezo ulipo. Chosiyana ndi mwambo wodzutsira wokha, ndipo umenewo unatulutsidwa kunja kwa device tree.

DSI, pamene pali mkangano weniweni

Magalasi a mafoni ndi a matabuleti a masiku ano ndi a MIPI DSI, ndipo ndi amene amadzaza makatoni a okonza mafoni. Ndi okongola, ndi otchipa, ndiponso ndi ovuta koposa onse. IC ngati ILI9881C imafuna malamulo oposa 100 isanaonetse dontho limodzi: ma gamma, magetsi a m'kati, ndondomeko yoyendetsera mizere ya galasi. IC yomweyo ikamatidwa pa galasi la kampani ina, manambala amasintha. Nthawi zambiri datasheet sinena. Wogulitsa amakutumizirani fayilo yotchedwa init code, ngati wakumverani chisoni. Ifunseni musanalipire, osati katundu atafika.

Makampani opanga ma chip anasankha njira yachidule. Mu kernel ya Rockchip muli "simple-panel-dsi" ndi panel-init-sequence, mmene mumandandalika ma byte: 05 78 01 11 kutanthauza lamulo lalifupi, kudikira 0x78 imene ndi ma millisecond 120, byte imodzi, 0x11. Ma kernel a Android a Qualcomm ali ndi qcom,mdss-dsi-on-command yochita zofanana. Tinene chilungamo: njirayi ndi yokoma. Madzulo amodzi, sikirini yayaka, simunakhudze C. Kampani yotulutsa tabuleti yatsopano miyezi ingapo iliyonse ili ndi chifukwa chomveka choikondera, ndipo amene amadandaula kuti mu mainline mwadzaza ma driver ofanana ngati mapasa sakunama.

Koma taonani zimene zimachitika pa sikirini yachiwiri. Iyi ikufuna reset imasulidwe mawaya a DSI ali kale pa LP-11 (mkhalidwe wodikira controller itadzuka), pomwe yoyamba ija inkafuna reset imasulidwe controller isanadzuke. Yachitatu ikufuna 1.8V, kenako magetsi a positive ndi negative a pafupifupi 5V, motsatizana, ndipo pozimitsa abwerere chambuyo. Yachinayi ikufuna muwerenge nambala yake kaye kuti mudziwe gulu la malamulo loti mutumize. Ina kuwala kwake kumasinthidwa ndi lamulo la DCS lotumizidwa pa DSI, osati PWM ya pa waya wa nyali. Chilichonse mwa izi chimabala property yatsopano: reset-delay, init-delay, prepare-delay, kenako yosankha dongosolo, kenako ya "ngati". Posakhalitsa mwapanga chilankhulo cha mapulogalamu cholembedwa mu hex, chopanda compiler yokuchenjezani, chimene U-Boot ndi wina aliyense wowerenga DTB ayenera kuchimasulira mofanana. Ndipo cholakwa chikapezeka, chili mu DTB, imene pa zipangizo zambiri imakhala m'chigawo cha boot chimene palibe amene amachisintha.

Palinso mtengo wina umene suonekera tsiku loyamba. Property imeneyi mainline saidziwa, ndiye chipangizo chanu chamangiriridwa ku kernel ya kampaniyo. Kampani ikasiya kuikonza, nanunso mwaima pomwepo.

Driver yanuyanu si phiri lalitali monga imamvekera. Yambani mwaona ngati IC yanu ili kale ndi driver: panel-ilitek-ili9881c, panel-sitronix-st7701, panel-sitronix-st7703, panel-himax-hx8394, panel-jadard-jd9365da-h3. Ngati ilipo, ntchito yanu ndi kuonjezera mndandanda wa malamulo, timing ndi compatible imodzi. Touch Display 2 ya Raspberry Pi ya 2024 inayenda njira yomweyi pa ILI9881C. Ngati palibe, driver yatsopano ndi mizere mazana awiri kapena atatu, yambiri yokopera kwa oyandikana nayo: prepare imayatsa magetsi, kumasula reset ndi kutumiza malamulo; unprepare imabweza zonse; get_modes imapereka timing. Malamulo akamalephera kutumizika mu prepare, yang'anani prepare_prev_first, imene imauza DRM kuti controller ya DSI idzuke sikirini isanadzuke. Mzere umodzi umenewu wasowetsa anthu ambiri tulo.

Ngati galasi lachokera mu foni ya Qualcomm, DTB ya foniyo ili ndi malamulo onse. Itulutseni mu boot image, dtc iitembenuze kukhala DTS yowerengeka, ndipo linux-mdss-dsi-panel-driver-generator ikulembereni driver ya C yoti muyambirepo. Zodabwitsa: njira imene mainline imaikana ndi imene yasunga chidziwitso chimene mainline ikukolola. Pa MediaTek, yomwe ndi yofala m'mafoni otchipa, malamulowa amakhala mu C yomangidwa kale, ndipo popanda source kuwatulutsa ndi ntchito ya masabata. Galasi lotero ine ndimalisiya m'katoni. Werenganinso ma lane, mizere ya mawaya onyamula data: cholumikizira cha DSI cha Raspberry Pi 4 chili ndi awiri okha, pomwe magalasi ambiri a 800 ndi 1280 amafuna anayi, Raspberry Pi 5 ndiyo ili ndi anayi.

Chiweruzo changa pa DSI chimadalira moyo wa chipangizo. Cha pulojekiti yoonetsa pamaso pa aphunzitsi kamodzi, bolodi lake lili la Rockchip, lembani panel-init-sequence mukagone. Chokakhala pa tebulo la kalaliki wa chipatala cha ku Domasi kapena m'kalasi ku Songani kwa zaka, lembani driver. Malawi si mlendo pa nkhani imeneyi: a Baobab Health atayamba kuika makompyuta ogwira pagalasi ku Kamuzu Central Hospital mu 2001, anagwiritsa ntchito tizipangizo ta i-Opener timene kampani yake inali itasiya kale kupanga. Zipangizo zathu zimakhala nthawi yaitali kuposa makampani ozipanga, ndipo galasi limene mudzapeze posintha losweka silidzakhala lomwelo. Ngati sikirini iliyonse ili ndi dzina ndi kagawo kake mu driver, kusintha galasi ndi kusintha overlay imodzi.

Magetsi athu akuonjezerapo chifukwa china. Akathima n'kubwerera nthawi yomweyo, kapena inverter ikachedwa kulandira, bolodi limayambiranso pomwe magetsi a m'sikirini sanatsike mpaka pansi. IC imakhala pakatikati, siinagone siinadzuke. Muyezo wa eDP umafuna ma millisecond 500 pakati pa kuzimitsa ndi kuyatsanso pa chifukwa chomwechi. Driver yodziwa sikirini yake imagwira reset n'kudikira mokwanira; node ya gulu yopanda nthawi zodikira imagwira bwino mu labu n'kukayera mbee kumudzi. Poyesa, musangozimitsa mwaulemu: zulani pulagi n'kubwezera msanga, kambirimbiri.

Njira ziwiri zozemba

Mungagule kabolodi kotembenuza HDMI kukhala RGB kapena LVDS, ngati aja a RTD2660H. Linux imaona monita wamba. EDID yake ikakhala yabodza, monga zimachitikira kawirikawiri, mumaikonza ndi video=HDMI-A-1:800x480@60 kapena drm.edid_firmware pa mzere wa kernel. Mumalipira ndi ndalama zakunja zoonjezera, magetsi oonjezera pa batire, uthenga wa "No Signal" nthawi iliyonse poyatsa, ndi kuwala kumene pulogalamu yanu singakuchepetse usiku. Pa galasi la laputopu yakufa loti likhale monita ya pa desiki, palibe njira yoiposa.

Ina ndi simple-framebuffer: U-Boot iyatse sikirini, kernel ingolemba madontho mu memory, kudzera mu simpledrm imene inabwera mu 5.14. Mukaiwala kutchula ma clock ndi magetsi mu node yake, kernel imawazimitsa poganiza kuti alibe ntchito, galasi n'kuti bii pakati pa boot. Sikirini singagone n'kudzukanso. Ndi yothandiza poona mauthenga pamene mukulemba driver yeniyeni, osati yokhalitsa.

Polemba binding yanu

Kuyambira Linux 5.0 mu 2019 ma binding amalembedwa mu YAML ndipo makina amawayesa. Lozerani ku panel-common.yaml kuti backlight, reset-gpios, rotation ndi port musazipangenso. Magetsi aliwonse muwatchule ndi dzina la pin ya mu datasheet, monga vci-supply ndi iovcc-supply, ngakhale pa bolodi lanu onse akuchokera pa waya umodzi. Bolodi la mnzanu lidzawalekanitsa. Musaikemo timing kapena nthawi zodikira ngati dzina la sikirini likutanthauza kale zimenezo. Dzina la kampani liyenera kupezeka mu vendor-prefixes.yaml. Galasi losadziwika wolipanga limatenga dzina la wogulitsa kapena wopanga chipangizo, IC n'kukhala yachiwiri, monga "bananapi,lhr050h41", "ilitek,ili9881c". Mukatha, make dt_binding_check iyese binding, make dtbs_check iyese bolodi, ndipo potumiza kwa oyang'anira binding ikhale patch yakeyake, patsogolo pa ya driver.

Touch siili mbali ya zonsezi, ngakhale yamatidwa pa galasi lomwelo. Ndi chip ina pa I2C, ndi node yake, driver yake. GT911 ya Goodix, yofala pa masikirini a mainchesi 7, imasankha adiresi 0x5d kapena 0x14 malinga ndi mmene pin ya INT inalili pamene reset ikumasulidwa. Ngati i2cdetect ikuipeza pa adiresi ina lero, ina mawa, tchulani irq-gpios ndi reset-gpios zonse ziwiri mu node yake kuti driver isankhe adiresi yokha. Chala chikamapita kumanzere cholozera n'kumapita kumanja, touchscreen-inverted-x ndi touchscreen-swapped-x-y zili mu node yomweyo, osati ya sikirini.